Khotekhote Ngwanjira

Ana anga ndi adzukulu anga, makamaka inu amene mtima uli pa sayansi, senderani kuno tikambirane. Nyengo yokolola ikafika mumawaona mavenda atapachika sikelo pamtengo m'mbali mwa msewu. Mlimi wozindikira amadziwa kuti sikelo zina n'zochuna, moti thumba lodzaza bwinobwino limapezeka lapepuka. Anthu alinso ndi sikelo yotere m'mitima mwawo, ndipo ndi imene amayezera mwana wamwamuna ndi mwana wamkazi. Nzeru zikhale zofanana, ntchito ikhale imodzimodzi, mulingo umatuluka wosiyana. Ndikufuna muidziwiretu sikeloyi, chifukwa amene saidziwa amabwerera kunyumba atakhumudwa, akudzida yekha, pomwe m'thumba mwake munalibe vuto.

Tamverani mmene timayankhulira. Mnyamata akakhala tsiku lonse pakhonde akumasula wailesi yakufa, timati mwanayu ali ndi mutu, adzakhala injiniya. Mlongo wake akachita zomwezo timati ulesi, akuthawa mbale. Bambo akakakamira pamsonkhano kuti zotsatira za kafukufuku wake n'zolondola, amati akudziwa zinthu zake. Mayi akatero amati ngwamakani, sukulu idamulowa m'mutu. Mnyamata akafika zaka 35 asanakwatire chifukwa cha maphunziro, amati akukonza tsogolo, koma mtsikana wa zaka 28 amafunsidwa paukwati ndi pamaliro pomwe kuti kodi mabukuwo ndiwo adzakukwatire? Tilinso ndi zonena zimene timabisalamo. Ena amati ng'ombe yaikazi siikoka ngolo. Ena amati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ndiye kuti achite zimene akufuna, tisamufunse. Mawu a makolo ndimawalemekeza, koma awiri awa musawatole. Apweteka anthu ambiri amene ine ndidakula nawo.

Musaganize kuti izi n'zakumudzi kokha, kapena kuti ophunzira kwambiri adazisiya. Mu 2012 ofufuza a pa yunivesite ya Yale ku America adalemba kalata imodzi yofunsira ntchito yoyang'anira labotale, n'kuitumiza kwa aphunzitsi a sayansi 127 a m'mayunivesite osiyanasiyana kuti aiunike. Mawu onse adali amodzimodzi kupatula dzina: ena adalandira yolembedwa John, ena yolembedwa Jennifer. John adamuona waluso kuposa Jennifer, woyenera kulembedwa ntchito, woyenera kumutaira nthawi pomuphunzitsa. Malipiro amene adamuikira adali pafupifupi madola 30,000 pachaka, pomwe Jennifer adamuikira pafupifupi 26,500. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti aphunzitsi aakazi adayeza chimodzimodzi ndi anzawo aamuna. Tsono musamati wopondereza mtsikana ndi mwamuna yekha. Ife amayi, azakhali, agogo, tidaleredwa ndi mawu omwewo, ndipo nthawi zambiri ndife timayamba kuwanena.

Ndili mphunzitsi wa sayansi ku sekondale ndinkaziona ndi maso angawa. Zipangizo zinkachepa, moti gulu lonse limaunjikana pa maikulosikopu imodzi. Ndikangoti yambani, manja a anyamata ali kale pachipangizo. Uyu akusenda kakhungu ka anyezi, uyo akudontheza ayodini, winayo watsinzina diso limodzi akupotokola kuti chithunzi chioneke bwino. Atsikana aima kumbuyo. Mmodzi wapatsidwa kope kuti azilemba poti ali ndi dzanja labwino, ndipo belu likalira ndi iwo atsala akutsuka timagalasi ndi kupukuta tebulo. Palibe amene adawatuma. Adabwera nazo kuchokera kunyumba. Tsiku la mayeso likafika, aliyense payekha ndi chipangizo chake, dzanja la mtsikana uja limanjenjemera, chifukwa zaka zonse wakhala akulemba zimene ena aona. Akalakwa, anthu amati mwaona, sayansi si ya atsikana. Mwanawe, chigwire chipangizocho. Nena poyera kuti tsopano ndi nthawi yanga. Mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Dzina la Marie Curie mwina mudalimva m'kalasi. Adabadwira ku Warsaw m'dziko la Poland mu 1867, nthawi imene yunivesite ya kwawoko sinkalandira akazi. Adagwira ntchito yophunzitsa ana m'nyumba za anthu olemera kuti alipirire mkulu wake sukulu ya udokotala ku Paris, ndipo iye adamutsatira mu 1891. Mu 1903 adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi mwamuna wake Pierre komanso Henri Becquerel, ngakhale poyamba padali potchula amuna awiriwo okha. Koma chaka chimene ndikufuna muchisunge ndi 1911. Pierre adali atamwalira mu 1906. Kumayambiriro kwa 1911 bungwe la akatswiri a sayansi la dziko la France lidakana kumulowetsa mayiyu, Nobel ali nayo kale m'manja. Chakumapeto kwa chakacho nyuzipepala zidatulutsa nkhani yoti ali pachibwenzi ndi wasayansi mnzake, Paul Langevin, amene adali ndi banja. Chibwenzicho sindikuchiikira kumbuyo. Ndikungofuna muone kumene miyala idagwera. Mayi wamasiyeyu adanyozedwa m'manyuzipepala kuti ndi wobwera, wopasula mabanja. Khamu la anthu lidaunjikana panyumba pake mpaka adatenga ana ake awiri kukabisala kwa anzake. Mmodzi mwa akuluakulu a ku Sweden adamulembera kalata kuti asabwere kudzalandira Nobel yake yachiwiri. Iye adayankha kuti mphotoyo ndi ya ntchito yotulukira radium ndi polonium, siikhudza za m'nyumba mwake, ndipo adapita kukailandira. Nanga Langevin, mwini banja lija? Ntchito yake idapitirira, ndipo mu 1934 bungwe lomwe lija lidamulandira. Mkazi woyamba kukhala membala weniweni wa bungwelo adalowa mu 1979.

Kuno ku Africa tili ndi Wangari Maathai wa ku Kenya. Mu 1971 adakhala mkazi woyamba m'chigawo cha kum'mawa ndi pakati pa Africa kulandira PhD, pa yunivesite ya Nairobi, ataphunzira za matupi a ziweto. Akuphunzitsa pomwepo adalimbana ndi akuluakulu kuti aphunzitsi aakazi azipatsidwa zofanana ndi amuna. Banja lake litatha mu 1979, zidamveka kuti mwamuna wake ankadandaula kuti mkaziyo ngolimba mutu, sangathe kumulamulira. Mu 1982 adasiya ntchito kuti apikisane pampando wa phungu. Adamuletsa kupikisanako, yunivesite idakana kumubwezera ntchito, m'nyumba ya kuntchito adamutulutsamo. Pamaso pa anthu adali mayi wosiyidwa ukwati, wopanda ntchito, wa ana atatu. Koma mu 1977 adali atayamba kale Green Belt Movement, kuphunzitsa amayi akumidzi kufesa mitengo m'manazale ndi kuwapatsa kangachepe pa mbande zimene zagwira. Sayansi yake idatuluka m'labotale n'kupita kumunda ndi kumtsinje. Pamene ankalandira Nobel ya mtendere mu 2004, mitengo yodzalidwa idali itafika 30 miliyoni.

Apa ndafika pa nkhani ya njira. Ambirinu mudauzidwa kuti njira yopita ku sayansi ndi imodzi: usankhidwe kupita ku sekondale yabwino, ukhoze MSCE ndi mapointi ochepa, dzina lituluke ku yunivesite, utenge digiri, kenako masitazi, kenako PhD, osaima, osacheuka. Njira imeneyi ilipo, ndipo amene yakutsegukirani yendanimo ndi mphamvu zanu zonse. Koma ndi yopanikiza, ndipo amene amagwamo msanga ndi atsikana, fizi ikachepa pakhomo, amayi akadwala, mimba ikabwera. Mnyamata akasiya sukulu n'kuyamba kukonza mafoni pamsika, amati akutakataka. Mtsikana akasiya amati zake zada, angokwatiwa basi. Pomwe makolo adanena kale kuti khotekhote ngwanjira, palinga mtima mpomwepo.

Mukadwala malungo kuchipatala amakupatsani LA. Kuyambira 2007 ndiwo mankhwala oyamba a malungo m'Malawi muno, atalowa m'malo mwa Fansidar, amenenso adalowa m'malo mwa chloroquine mu 1993 tizilombo titasiya kumva mankhwala. Gawo la LA limene limapha tizilombo msangamsanga lidachokera ku ntchito ya mayi wa ku China dzina lake Tu Youyou, wobadwa mu 1930. Ali ndi zaka 16 adadwala chifuwa chachikulu n'kuima sukulu zaka ziwiri. Adaphunzira za mankhwala ku Beijing, koma PhD adalibe, digiri ya udokotala adalibe, kunja sadapiteko kukaphunzira. Mu 1969 boma lidamuika kutsogolera gulu lofufuza mankhwala atsopano a malungo pa ntchito yachinsinsi yotchedwa Project 523. Iye ndi anzake adasonkhanitsa njira zochizira zoposa 2,000 kuchokera m'mabuku akale ndi kwa asing'anga, n'kuyamba kuyesa pa mbewa za m'labotale. Chitsamba china chotchedwa qinghao chinkati lero chagwira, mawa osagwira. Wina akadachitaya. Iye adabwerera ku buku la sing'anga Ge Hong, lolembedwa zaka pafupifupi 1,600 m'mbuyomo, n'kuona kuti mwini wakeyo sankachiphika chitsambacho, ankachiviika m'madzi n'kufinya. Pamenepo adazindikira kuti kuwiritsa ndiko kunkapha mphamvu yake. Adasintha njira n'kugwiritsa ntchito ether, imene imawira isanatenthe kwambiri, ndipo mu Okutobala 1971 chimene chidatuluka chidapha tizilombo tonse m'magazi a mbewa zija. Asanapatse odwala, adayamba wamwa yekha pamodzi ndi anzake awiri kuti aone ngati chingapweteke munthu.

Ntchitoyi idamudyera zambiri. Atatumidwa kuchilumba cha Hainan kukaona odwala, adasiya mwana wake wa zaka zinayi m'manja mwa olera ana, ndipo pobwera mwanayo sadamuzindikire. Olemba za iye salephera kuitchula nkhani ya mwanayu, pomwe asayansi aamuna ambirimbiri amene ankafika kunyumba ana atagona palibe amawafunsa kanthu. Zotsatira za kafukufukuyu zidasindikizidwa mu 1977 popanda dzina la munthu, ndipo dziko lidamudziwa mochedwa kwambiri. Nobel adailandira mu 2015 ali ndi zaka 84. Ndichenjezeretu pano, adzukulu anga: musamve nkhaniyi n'kupita kukathyola masamba kuthengo kuti muchize nawo malungo. Mayiyu ankayesa, n'kuyeza mulingo, n'kulemba, n'kuyesanso. Malungo akakugwirani thamangirani kuchipatala.

Alipo enanso. Jane Goodall adali mlembi chabe wa Louis Leakey, wopanda digiri, pamene adafika ku Gombe m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika mu 1960. Atsamunda adakana kuti mtsikana akhale yekha m'nkhalango, moti amayi ake adachita kumuperekeza. Ndi iye amene adaona anyani a mtundu wa chimpanzi akupulula masamba pakamtengo n'kukapisa pachulu kuti awedze chiswe, nthawi imene ophunzira ambiri ankati munthu yekha ndiye amapanga zida. Katalin Karikó, mwana wa wogulitsa nyama ku Hungary, adasamukira ku America mu 1985, ndalama zake atazisokerera m'kachidole ka mwana wake. Mu 1995 adamutsitsa udindo chifukwa palibe ankafuna kuika ndalama pa kafukufuku wake wa mRNA. Sadasiye. Kafukufuku yemweyo ndiye adathandiza kupanga katemera wa Covid-19 wa Pfizer ndi Moderna, ndipo mu 2023 adalandira Nobel pamodzi ndi Drew Weissman.

Kwathu kuno timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, ndipo n'koyenera. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa kusukulu chifukwa chosowa fizi, ankapita kukalaibulale kakang'ono, n'kupanga makina amphepo otulutsa magetsi kuchokera ku mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotolatola. Anthu ankati wachita misala. Mu 2007 adakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 adamaliza maphunziro ku Dartmouth ku America. Koma ndikaimva nkhaniyi ndimadzifunsa za atsikana amene adasiya sukulu chaka chomwecho. Ndani akadawalola kukhala masana onse akufukula zitsulo kudzala? Adali kumjigo, kunkhuni, kuchigayo, ena kubanja. Nzeru adali nazo, chimene adalibe ndi nthawi yawoyawo. Inu makolo achichepere amene mukundimvera, mpatseni mwana wamkazi nthawi imeneyi.

Onaninso Pulofesa Address Malata. Adayamba ngati namwino ndi mzamba, ntchito imene ena amaiona ngati yotsika poyerekeza ndi udokotala. Adatsogolera Kamuzu College of Nursing, ndipo mu 2016 adakhala mkulu wa yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST ku Thyolo.

Tsono dzina likapanda kutuluka ku yunivesite, musagone chafufumimba n'kumalira chaka chonse. MSCE imabwerezedwa, ngakhale kusukulu yamadzulo. Ku Malawi College of Health Sciences amaphunzitsa oyeza magazi ndi makhololo m'labotale, ndipo popanda anthu amenewa dokotala amangoyenda mumdima. Kuli makoleji a ntchito zamanja a Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete ndi Salima, kumene TEVETA imatumiza achinyamata kukaphunzira zamagetsi, zamagalimoto ndi kuwotcherera zitsulo. Mu 2020 kudatsegulidwa African Drone and Data Academy, yophunzitsa kupanga ndi kuulutsa tindege topanda woyendetsa. Ambiri adayamba ndi satifiketi, kenako dipuloma, n'kudzalowa yunivesite ali akuluakulu, ana ali kale kusukulu. Woika sola padenga la chipatala chakumudzi kuti katemera asaonongeke m'filiji akuchita sayansi. Mlangizi amene akuyerekeza mbewu ziwiri za chimanga m'munda wachitsanzo, n'kumalemba tsiku lodzala ndi zokolola, nayenso akuchita sayansi. Mtsikana iwe, ukavala ovololo yamafuta sipanala ili m'manja, adzakuseka, ena adzakana kuti ugwire galimoto yawo. Galimoto ya amene wakulola ikalira bwino, adzabwera okha.

Komabe musandimve molakwika. Kukhota kwa njira sikutanthauza kudumphadumpha. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Tu adakhala pa malungo, Karikó adakhala pa mRNA zaka makumi, Wangari adakhala pa mitengo. Sankhani chinthu, muchidziwe mpaka pansi pake. Ndipo masamu musawathawe, chifukwa njira iliyonse mwa zimenezi imakadutsa pamenepo.

Ntchito yanu muziisunga m'kope, ndi tsiku lake, ndi dzina lanu. Mu 1967 Jocelyn Bell, akadali wophunzira ku Cambridge, adaona kachizindikiro kachilendo pa mapepala ataliatali a makina omvera zakumlengalenga, ndipo kadakhala umboni wa mtundu watsopano wa nyenyezi. Atolankhani atabwera, mphunzitsi wake Antony Hewish ankamufunsa za nyenyezizo, koma iye ankamufunsa za zibwenzi ndi za thupi lake. Nobel ya 1974 idapita kwa Hewish ndi Martin Ryle. Lero aliyense akudziwa amene adaona choyamba, chifukwa dzina lake lidalembedwa pa lipoti la kafukufukuyo. Mukagwira ntchito pagulu, funsani pachiyambi pomwe kuti maina adzalembedwa bwanji. Kufunsa kotero si mwano.

Pali nkhani ina yovuta kuikamba koma sindingaidumphe. M'masukulu ndi m'malo antchito muli anthu amene amati ndikupatsa malikisi, ndikupezera malo, ndikulembera kalata yabwino, koma tionane madzulo. Zikaululika, wonyozedwa ndi mtsikana, mwini kuyambitsa akuyendabe tayi ili pakhosi. Kana, mwana wanga. Sunga mauthenga amene akukutumizira pafoni, uuze munthu wamkulu amene umamukhulupirira, ndipo usalowe wekha muofesi yotseka. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu motere ndi mlandu. Ndipo iwe amene mimba idakupeza uli pasukulu, dziwa kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka. Anzako adzanong'ona sabata zingapo, kenako adzatopa. Ine ndidaphunzitsapo amayi otere, ndipo ena mwa iwo ndiwo ankamvetsera kuposa onse, poti ankadziwa chimene abwerera.

Tsopano inu anyamata, adzukulu anga, musaganize kuti ndakuiwalani kapena kuti ndikukuimbani mlandu. Sikelo yokhota imakupwetekani inunso. Mnyamata akafuna unamwino, uzamba kapena maphunziro a kadyedwe koyenera, anzake amamuseka kuti wasankha ntchito yachizimayi. Akalephera mayeso amauzidwa kuti mwamuna salira, ndiye amangomeza mpaka zimudwalitse. Amene mtima uli pa ntchito yosamala odwala pitani, wodwala safunsa kuti dzanja lomutembenuza pabedi ndi la ndani. Koma dziwaninso kuti mawa ambiri mwa inu mudzakhala pampando wolemba anthu ntchito, wogawa ndalama za kafukufuku, wosankha wopita kunja. Kalata ziwiri zikadzakhala patebulo, phimbani maina kaye muwerenge ntchito. Pamsonkhano mnzanu wamkazi akanena mfundo anthu n'kukhala chete, kenako mwamuna n'kuibwereza anthu n'kuwomba m'manja, tsegulani pakamwa munene kuti mfundoyi adayamba kuinena ndi uje. Ndipo kunyumba, mlongo wanu akakhala ndi mayeso mawa, tengani ndowa mupite kumjigo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanga mlongo wako weniweni?

Za banja ndinene pang'ono, poti ambiri amakagwera pamenepo. Sindikukuuzani kuti musakwatire kapena musakwatiwe, ndipo sindikuti sayansi iposa ana. Koma musanafike pachinkhoswe khalani pansi awiri mufunsane mafunso enieni. Mmodzi wa ife akapeza mwayi wa sukulu kunja zaka zitatu, ana adzatsala ndi ndani? Ntchito ikadzandituma kumudzi milungu iwiri pamodzi ndi amuna anzanga akuntchito, udzatani? Malipiro anga akadzaposa ako, m'nyumba mudzakhala mtendere? Mvetserani yankho, muyang'anenso nkhope ya woyankhayo. Zimene mwagwirizana mukazinene pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kuti tsiku limene kalata ya sukuluyo idzafike pasadzakhale wonena kuti ine sindidamve.